Ng'ona Yotumidwa Ikalowa M'buku

Nthano ya kwathu ili ndi citseko. Wosimba amati "Padangokhala," omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse," ndipo kuyambira pamenepo Kalulu atha kukwera pamsana pa Njovu, mtsikana wokana amuna atha kukwatiwa ndi njoka yovala khungu la munthu, popanda wofunsa umboni. Nthano ikatha citseko cimatsekedwa, ana n'kukagona. Kukaca palibe mwana amene amatenga uta kukasaka kalulu kuti adzayankhe mlandu wa bodza limene ananamiza Fisi usiku. Ngakhale wa zaka zisanu amadziwa pamene nkhani yayambira ndi pamene yathera.

Mabuku ambiri a nkhani zodabwitsa ocokera kunja amasunga citseko cimeneci. Harry Potter wa J. K. Rowling, amene buku lake loyamba linatuluka mu 1997, amakwera sitima ya pamtunda ku London kuti akafike kusukulu ya amatsenga, ndipo sitimayo ndiye "Padangokhala" wake. J. R. R. Tolkien anacita kujambula mapu a dziko lake lopeka kuti pasakhale wosokera. Koma pali mtundu wina wa mabuku, umene pa Cipwitikizi amauchula kuti realismo mágico, ndipo umenewu ulibe citseko. Wolemba amasimba za nkhondo imene tinaiona, za msewu umene tinayendamo, kenaka ndi liwu lomwelo, osakweza osatsitsa, n'kunena cinthu cosatheka.

Citsanzo cathu ca kuno ku Moçambique ndi Terra Sonâmbula la Mia Couto, limene linatuluka mu 1992, caka comwe nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inatha pa pangano la ku Roma. Nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga abisala m'basi yopsa pamsewu, pafupi ndi mitembo, ndipo apeza makope a munthu wina dzina lake Kindzu. Zimenezo aliyense amene anali ndi maso m'zaka za m'ma 1980 angazivomereze. Koma m'buku lomwelo thengo lozungulira basi ija limasintha tsiku ndi tsiku ngakhale kuti basiyo siyenda, ndipo mng'ono wake wa Kindzu, amene bambo ake anamubisa m'khola la nkhuku kuti imfa isamupeze, amayamba kusanduka nkhuku.

Funso langa ndi ili. Kuno ku Meponda, kumene ng'ona ikagwira munthu pagombe anthu amayamba kufunsa kuti "Yatumidwa ndi yani?" mtembo usanapezeke, kodi n'koyenera kulemba, kuwerenga ndi kupatsa ana athu mabuku amene zinthu zotere zimacitikamo ngati zoona?

Mabuku oterewa safika ambiri kuno. Amatsika phiri kucokera ku Lichinga m'zikwama za ana a sekondale ndi aphunzitsi, n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka cikuto citathothoka. Ocepa anga ndabwereka anthu osiyanasiyana, ndipo mayankho awo andiphunzitsa zambiri kuposa zimene olemba a ku Maputo amanena za mabukuwo.

Mphunzitsi wina wopuma pa nchito, wa m'badwo umene unaphunzira ufulu utangobwera mu 1975, anandibwezera Terra Sonâmbula asanafike pakati. Iwo anakula akufuula pamisonkhano kuti obscurantismo igwe, nthawi imene maula, asing'anga ndi zinamwali zinkaonedwa ngati mdima wofunika kuuthamangitsa. Anandiuza kuti anatha moyo wawo akulimbana ndi makolo kuti akhulupirire kuti malungo amabwera ndi udzudzu, ndiye lero munthu wophunzira, katswiri wa sayansi ya zamoyo, akulemba za mwana wosanduka nkhuku, azungu n'kumamuombera m'manja. Cimene cinawawawa kwambiri ndi kuombera m'manjako. Mia Couto analandira mphoto ya Camões mu 2013, ndipo kwa iwo mphotoyo inali ngati azungu akutiuza kuti: khalani momwemo, mumatisangalatsa.

Manyazi amenewa si acilendo mu Africa. Mu 1952, pamene buku la Amos Tutuola wa ku Nigeria, The Palm-Wine Drinkard, linasindikizidwa ku London, wolemba ndakatulo Dylan Thomas analitamanda, koma anthu ambiri ophunzira a ku Nigeria anakwiya nalo. Ankati Cingerezi cake n'cothyoka, mizukwa yake ikutsimikizira azungu zimene ankaganiza kale za anthu akuda. Ine sindiwanyoza aphunzitsi aja, cifukwa n'zoona kuti kunja kuli owerenga amene amagula mizimu yathu monga agula cigoba ca gule cokolowekera pakhoma. Kumene ndimasiyana nawo ndi apa: kufuula kuja sikunacotse kanthu m'mitima ya anthu. Zimene zinaletsedwa pamsonkhano masana zinkanong'onedwa usiku, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma lomwelo linavomereza bungwe la asing'anga la AMETRAMO. Buku lonena za mudzi wathu limene anthu ake saopa ufiti n'komwe lingakhale labodza mofanana ndi buku lonena za Meponda losachula nyanja.

A cipembedzo nawo ali ndi mlandu wawo, ndipo pa nkhani iyi akatekisiti ndi amwalimu a kumadrasa amagwirizana, cinthu cimene sicicitika kawirikawiri. Iwo amaopa kwambiri Harry Potter, makamaka kanema wake, amene ana amaonera pa foni. Poyamba zimenezi zimaoneka zoseketsa, popeza palibe mwana wa kuno amene angaloze agogo ake cifukwa ca kamtengo ndi mawu a Cilatini. Koma taonani dzina la sukulu ija m'buku lomasuliridwa ku Portugal: muli mawu akuti feitiçaria, amene ife timagwiritsa nchito tikamanena za ufiti pa Cipwitikizi. Kwa mwana wa ku England, ana ouluka pa tsache ndi masewera. Kwa mayi wa kuno, amene anamvapo kuti ana ena amatengedwa usiku pa licero kukaphunzitsidwa ufiti ndi akuluakulu, "sukulu ya ufiti" si nthabwala. Citseko ca nthanoyo cinapangidwa molingana ndi nyumba ya eni ake. Cikafika kwathu sicitsekeka bwino.

Anthu amene mayankho awo amandikhalitsa pansi ndi asodzi ndi amayi oyanika usipa pa thandala, amene sawerenga Cipwitikizi, koma ndimawasimbira nkhanizi m'Cinyanja. Iwo sadabwa. Kindzu amasiya kwawo kuti akafune anaparama, ankhondo amene zipolopolo siziwalowa. Wowerenga wa ku Lisboa amati wolembayu ali ndi nzeru zopeka. Koma anaparama anali anthu enieni: Manuel António anawatsogolera ku Zambézia ca m'ma 1990, ankati anafa n'kuuka, ankatemera anyamata mphini kuti zipolopolo zisanduke madzi, ndipo ndi mikondo ndi zikwanje analanda madera ena m'manja mwa Renamo, mpaka iye mwini anaphedwa kumapeto kwa 1991. Akuluakulu a kuno anamva zimenezi nthawi imene zinkacitika. Ndikawasimbira za Kindzu amangoti, "Eya, ndiye kenaka?"

Ndipo tiyeni tivomereze kuti dziko lathu lomwe limanena zinthu zovuta kukhulupirira. Mlendo ataimirira pagombe la Meponda n'kuona utsi wakuda ukukwera pakati pa nyanja ngati mudzi ukupsa pamadzi, n'kuuzidwa kuti utsiwo ndi nkhungu, tizilombo touluka, ndipo kuti tikafika kumtunda anthu amatikola n'kuumba ndiwo, akapita kwawo kukalemba zimenezo amuuza kuti wapeka. Gabriel García Márquez wa ku Colombia, amene buku lake Cien años de soledad la mu 1967 ndilo linachukitsa mtundu umenewu wa mabuku, ankanena kawirikawiri kuti kasimbidwe kake anakatenga kwa agogo ake aakazi, amene ankanena zozizwitsa nkhope ili gwa. Cinthu coopsa koposa m'buku lake, kuphedwa kwa anchito a m'minda ya nthoci, cinacitikadi mu 1928.

Koma kusadabwa kumeneku ndi kumene kumandiopsa ine, kuposa manyazi a aphunzitsi ndi mantha a amwalimu. Pakuti munthu amene sadabwa kumva kuti mwana wasanduka nkhuku sadabwanso kumva kuti mayi wamasiye wa kuseri kwa msika amasanduka ng'ona. Ndipo nkhani yaciwiriyi ili ndi mtembo kumapeto kwake. Ku Muidumbe, m'cigawo ca Cabo Delgado, mu 2002 ndi 2003 mikango inapha anthu, mbiri n'kufala yoti mikangoyo ndi yopangidwa ndi anthu, ndipo oganiziridwa anaphedwa ndi anansi awo. Mu 2017, tsidya lija la nyanja, mphekesera za anamapopa zinayaka ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka kufika ku Blantyre. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linacotsa anchito ake m'maboma amenewo kwa kanthawi. Palibe buku limene linayambitsa zimenezi, ndikudziwa. Koma munthu wolemba kapena wobwereketsa mabuku pakati pa anthu otere sangadzikhululukire ponena kuti iye amangosimba nkhani. Amene anafalitsa za anamapopa nawonso ankangosimba nkhani.

Yankho limene ndafika nalo ndalipeza m'cinenero cathu, osati m'mabukumo. Cipwitikizi ndi Cingerezi zikamanena za mabuku amenewa zimaika zonse m'thumba limodzi la mágico. Ife tili ndi mawu ambiri, ndipo awiri mwa iwo ndi otalikirana ngati mwera ndi mpoto: ufiti ndi malodza. Ufiti uli ndi mwini wake. Ukachulidwa, funso lotsatira ndi lakuti "Ndani?", ndipo funso limenelo silikhala cete mpaka litapeza dzina, nyumba ndi khomo. Malodza alibe mwini. Nkhuku yaikazi ikalira ngati tambala, fisi akadutsa pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu, palibe amene amatenga cikwanje kupita kwa mnansi. Anthu amakhala cete n'kufunsana kuti, "Kodi cikubwera n'ciyani? Calakwika n'ciyani pakati pathu?" Funso loyamba limatulutsa munthu mmodzi kunja kwa mudzi. Laciwiri limakhazika mudzi wonse pansi.

Ndikawerenga Terra Sonâmbula ndi mawu awiriwa m'mutu, ndimaona kuti mulibe mfiti. Palibe amene analodza mwana uja kuti asanduke nkhuku. Dzina lake linali Vinticinco de Junho, tsiku la ufulu wa dziko lino, ndipo nkhondo ndiyo inamulowetsa m'khola. Amene anathawa midzi yawo m'zaka zimenezo, ena kuwoloka nyanja ino pa mabwato kupita ku Malawi, amadziwa mmene munthu amaiwalira kulankhula ngati munthu akakhala nthawi yaitali akubisala. Thengo loyenda lokha ndi malodza a dziko limene anthu ake sangayende. Wowerenga akatseka buku alibe munthu woti amuloze cala, koma ali ndi funso lolemera la zimene tinacitirana.

Ualalapi la Ungulani Ba Ka Khosa, la mu 1987, limacita zofanana molimba mtima kwambiri. Zaka ziwiri zokha m'mbuyomo, mu 1985, boma linali litalandira mwaulemu zotsala za Ngungunhane, mfumu ya Gaza imene Apwitikizi anaigwira ku Chaimite mu 1895 n'kukafera ku Açores mu 1906, ndipo linamukweza kukhala ngwazi ya dziko. Khosa anamulemba ngati wolamulira wankhanza, ndipo pabwalo lake anadzazapo malodza, monga matenda a magazi osaleka amene anapha Damboia, mlongo wa bambo ake a mfumuyo. Zimene sakananena poyera za mphamvu yosamva za munthu, anazinena kudzera m'matupi ndi m'nthaka zikucita zosayenera. Makolo athu ankacita cimodzimodzi: mvula ikakana, ankayamba kufunsa za khalidwe la mfumu.

Wina angandibweze n'kunena kuti nthano zathu zomwe zimaloza cala. M'buku la J. W. Gwengwe la Sikusinja ndi Gwenembe, limene linawerengedwa m'sukulu za ku Malawi, Gwenembe amapha mbale wake panjira cifukwa ca cuma, ndipo mbalame imamulondola ikuimba mpaka mlandu utaululika. Pamenepo cozizwa cachula dzina, ndipo sicinaname. Ndikuvomera. Koma mbalame ija siimba kanthu kamene wowerenga sanaone ndi maso ake: tinalipo pamene Sikusinja ankaphedwa. Woombeza wa pamudzi amadziyesa mbalame imeneyo, koma palibe amene analipo. Mphekesera imabwereka cidaliro ca nthano popanda umboni wa nthano, ndipo imafuna kuti ticitepo kanthu usiku womwewo.

Ngati pali nkhani zodabwitsa zimene ndingazicotse m'maso mwa ana, si mabuku awa. Ndi akanema ena a ku Nigeria amene amaonetsedwa m'tinyumba ta kanema, momwe mkamwini akalephera kulemera kapena mtsikana akalephera kubereka, kamera imatilowetsa kucipinda ca apongozi n'kutionetsa ali ndi nsupa m'manja, kenaka m'busa n'kuwatentha ndi pemphero. Kanema wotere amapatsa woonera cinthu cimene moyo sumupatsa: amamuonetsa mfitiyo ikucita. Ana amatuluka m'menemo atadziwa nkhope ya mfiti, ndipo nkhopeyo ndi ya nkhalamba yaikazi, yosauka, yokhala yokha. Koma a cipembedzo amene amadandaula za Harry Potter sadandaula kwenikweni za akanemawa, mwina cifukwa cakuti pamapeto pake pemphero limapambana.

Pali buku limodzi limene silindilola kupuma pa kusiyanitsa kwangaku. Mu 2012 Mia Couto anatulutsa A Confissão da Leoa, pambuyo pa zimene anaona mu 2008 kumpoto kwa Cabo Delgado, kumene mikango inkapha anthu ndipo alenje anaitanidwa kudzaipha. M'bukuli mudzi ndi wopeka, dzina lake Kulumani, ndipo amene akugwidwa ndi akazi. Amasimba ndi anthu awiri mosinthana, mtsikana Mariamar ndi mlenje Arcanjo Baleiro. Pamene amuna a m'mudzimo akukangana ngati mikangoyo ndi ya m'thengo kapena yopangidwa, wowerenga amaona pang'onopang'ono zimene akazi amakumana nazo m'nyumba zawo: kumenyedwa, kugwiriridwa, kuletsedwa kulankhula pabwalo. Mudzi wonse ukuyang'ana kuthengo cifukwa kuyang'ana m'nyumba n'kowawa. Mpaka apa bukuli likucita nchito imene ndikuifuna. Limatenga funso lakuti "Ndani watuma mkango?" n'kulipotoza mpaka lisanduke lakuti "Ndani ankadya akaziwa mkango usanabwere?" Mphekesera singacite zimenezo, cifukwa imathamanga; buku limakusunga masiku angapo m'mtima mwa munthu amene mudzi ukumukayikira.

Koma dzina la bukuli likunena za kuulula, ndipo akazi a m'nkhaniyi amafika podzichula okha kuti iwo ndi mikango yaikazi. Pa Cipwitikizi, kwa wowerenga wa m'tauni, mawu amenewa ndi mkwiyo wa munthu amene waponderezedwa mpaka umunthu wamucoka, ndipo amakoma kuwerenga. Ndayesa kuwanena m'Cinyanja, mokweza, ndili ndekha, monga mmene ndingawanenere kwa amayi a pa thandala aja. M'cinenero cathu mkazi akati "Ine ndine mkango uja," waulula ufiti. Palibe njira ina imene makutu a pamudzi angamvere. Ambiri amene anamenyedwa m'midzi yathu anayamba aumirizidwa kunena mawu ofanana ndi amenewo.

Apa ndi pamene kabuku ka zinenero ziwiri ngati kano kali ndi nchito imene a ku Maputo ndi a ku Lisboa sangatigwirire. Mabuku amenewa anatenga zikhulupiriro za anthu olankhula Cinyanja, Ciyao, Cimakonde ndi Cimakua n'kuziika m'cinenero cimene ambiri a iwo sawerenga. Tsiku limene adzabwerere kwa eni ake, womasulira adzayenera kusankha pa tsamba lililonse: apa ndilembe matsenga, malodza, mizimu, kukhwima kapena ufiti? Cipwitikizi cimamulola wolemba kusasankha. Cinyanja sicilola, ndipo mawu amene womasulira adzasankhe adzamveka ndi anthu amene ali ndi nkhalamba yawoyawo kumapeto kwa mudzi.

Ine Terra Sonâmbula ndimabwereka aliyense amene wapempha, ndipo ndimalisimba m'Cinyanja popanda mantha. A Confissão da Leoa ndimabwereka ana a sekondale ndi aphunzitsi, koma ndimawapempha kuti akamaliza abwere tidzakambirane, ndipo funso loyamba limene ndimawafunsa ndi lakuti anawerenga akazi angati amene anavulazidwa ndi anthu, asanawerenge amene anagwidwa ndi mkango. Kwa asodzi ndi amayi a pagombe ndalisimba mpaka pamene mlenje afika ku Kulumani ndi kuyamba kumva za m'nyumba za anthu. Mitu yomaliza sindinawasimbire, ndipo mwezi umene ng'ona yagwira munthu sindilichula n'komwe.